Wa IT wa ku Mphunzi ndi mayeso a madola 300

Masiku ano, paliponse pamene pali makompyuta atatu kapena anayi pamakhala munthu amene anzake amangomutchula kuti "a IT". Kaya ndi pasekondale yoyendera, kaya pachipatala cha mishoni, kaya muofesi ya bungwe la zaulimi, iyeyu ndi amene amaitanidwa pulinta ikakana kusindikiza, wina akaiwala pasiwedi, kapena laputopu ya ahedi ikalowa vairasi yochokera mu fulashi. Kawirikawiri amakhala mnyamata kapena mtsikana wa dipuloma ya makompyuta, wolembedwa pa kontirakiti yaifupi, ndipo malipiro ake ndi ongokwanira sopo ndi lendi. Ambiri mwa achinyamatawa mtima wawo uli pa chinthu chimodzi: kusiya kuthamangira madandaulo a tsiku ndi tsiku n'kukhala katswiri wa netiweki, amene amayala dongosolo lonse la mmene makompyuta, mafoni ndi maseva amalumikizirana. Njira imene amauzana ndi yoti munthu alembe mayeso a satifiketi, makamaka CCNA ya kampani ya Cisco. Kwa mwana wa ku Mphunzi, kumapiri a Dedza, njirayi ndi yodula koopsa, ndipo ndi bwino kuiunika banja lisanagulitse kachewere wa chaka chonse. Ine ndikuona kuti ndi njira yabwino, koma ubwino wake umaonekera mwa munthu amene wayamba wagwira kaye ntchito yothandiza anthu pa makompyuta. Ndikuonanso kuti olemba ntchito amalakwitsa kwambiri akamapeputsa zaka zimene munthu wotere wagwira kumudzi.

Dzina la Mphunzi limadziwika kunja chifukwa cha zojambula zakale za pamiyala ya phiri lake. Paphirili pali ena mwa malo 127 a zojambula a m'dera la Chongoni, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pali zofiira zimene anasiya Akafula ndi zoyera za Achewa. Pafupi pomwepo pali mishoni imene anakhazikitsa amishonale a Dutch Reformed kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, imene lero ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Malo ngati amenewa, okhala ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala chaching'ono pamodzi, alipo ambiri m'chigawo chapakati, ndipo ndi malo oyamba kumene kompyuta imafikira kumudzi. Boma la Dedza linali ndi anthu opitirira 830,000 pa kalembera wa 2018. Anthu onsewa akulembedwa m'makaundula a zaumoyo, a maphunziro ndi a zipangizo zaulimi zotsika mtengo, ndipo makaundula amenewa pang'onopang'ono akuchoka m'mabuku kupita m'makina amene amafuna kulumikizidwa.

Tiyeni tisiyanitse bwinobwino ntchito yothandiza anthu pa makompyuta ndi ya netiweki, chifukwa kunja zimaoneka ngati imodzi. Wothandiza anthu pa makompyuta amalimbana ndi chida chimodzi ndi munthu mmodzi: kompyuta iyi yakana kuyaka, mayi awa imelo yawo sikutseguka. Wa netiweki amalimbana ndi msewu umene uthenga umadutsa. Iye amagawa maadiresi a IP kuti zida ziwiri zisalimbirane adiresi imodzi, amakonza switch ndi rauta, amapatula netiweki m'zigawo zotchedwa VLAN kuti foni ya mlendo amene wapatsidwa Wi-Fi isaone kompyuta yosunga mbiri ya odwala, ndipo amaika njira yachiwiri kuti yoyamba ikaduka ntchito isaime. Woyamba akalakwitsa amadandaula munthu mmodzi. Wachiwiri akalakwitsa mzere umodzi wokha pa rauta, ofesi yonse imakhala manja lende, mwinanso nthambi zonse za bungwe. N'chifukwa chake malipiro amasiyana, n'chifukwa chakenso olemba ntchito amachita mantha kupereka pasiwedi ya rauta kwa munthu amene sakumudziwa bwino.

Ntchito ya netiweki m'dziko muno ikukula, ndipo ikukulira kunja kwa mizinda. Gawo loyamba la chingwe cha faiba cha boma, chimene inayala kampani ya Huawei ndi ngongole yochokera ku China, linatha mu 2018, ndipo ndi makilomita opitirira 1,000 oyenda pa mapolo a ESCOM kulumikiza maboma. Mu 2017 World Bank inavomereza madola 72.4 miliyoni a pulojekiti ya Digital Malawi, imene mwa zina inafuna kulumikiza maofesi a boma, zipatala ndi sukulu. Bungwe la MAREN limalumikiza sukulu zaukachenjede, ndipo likulu la UbuntuNet Alliance, mgwirizano wa mabungwe otere kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, lili ku Lilongwe. Mu July 2023 Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi, zimene zinachititsa kuti mishoni kapena bungwe la kumudzi lithe kupeza intaneti yothamanga popanda kudikira chingwe. Koma chingwe chikafika pa boma, kapena mbale ya Starlink ikakwezedwa padenga, ntchito imakhala itangoyamba kumene. Pamafunika munthu woti atenge intanetiyo kuchoka pakhomo loyamba kufika nayo ku wodi ya amayi oyembekezera, ku labotale, ku ofesi ya ahedi ndi kunyumba za aphunzitsi, n'kuisamalira chaka ndi chaka mvula ikagwa.

Apa ndi pamene ndikutsutsana ndi maganizo ofala akuti ntchito ya IT ya kumudzi ndi yopanda pake poyerekeza ndi ya ku City Centre. Taonani zimene wa IT wa kumapiri a Dedza amaphunzira mosafuna. Choyamba ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti makomo akumudzi osakwana 5 pa 100 alionse ndi amene anali ndi magetsi a ESCOM, ndipo ngakhale kumene aliko, aliyense akukumbukira kuthimathima kumene kunatsatira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Munthu amene wasamala makompyuta m'nyengo ngati imeneyo amadziwa kuwerengera kuti batire itenga maola angati, amadziwa kusiyana kwa inveta yabwino ndi yachinyengo, amadziwa kuti rauta imene ikungozimazima mwina vuto lake ndi kuchepa kwa mphamvu ya magetsi. Chachiwiri ndi mphenzi. Kumapiri kuno, chida chimene chakwezedwa pamwamba popanda waya wopita pansi woteteza sichidutsa dzinja. Chachitatu ndi mapiri enieniwo: kulumikiza nyumba ziwiri ndi mawailesi aang'ono a netiweki kumafuna kuti zidazo zizionana popanda chotchinga, choncho phiri limodzi limatseka njira pamene lina limathandiza kukweza chida kuti chione patali. Ndipo pamwamba pa zonsezi, iye amakhala yekha. Alibe mkulu wa dipatimenti woti amuimbire, alibe sitolo ya zipangizo kuseri kwa msewu, Lilongwe ali kutali. Amaphunzira kufufuza vuto mwadongosolo, kuyambira pa soketi, kupita pa waya, kenaka pa adiresi, chifukwa kungoganizira kumamutayitsa tsiku lathunthu ndi ndalama ya kabaza.

Mbiri ya dziko lino ikuchitira umboni kuti luso lotere ndi lenileni. Baobab Health, imene inayamba mu 2001 pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe motsogozedwa ndi Gerry Douglas, inatchuka chifukwa inapanga makompyuta a m'zipatala ogwira ntchito pongokhudza galasi, odya magetsi ochepa, olandira mphamvu kudzera mu waya womwewo wa netiweki kuchokera ku mabatire. Anthu amenewa anayamba aganizira za magetsi ndi fumbi asanaganizire za mapulogalamu, ndipo n'chifukwa chake makina awo anafalikira m'zipatala zopereka mankhwala a ARV. Mu 2013, Dr Chomora Mikeka ndi anzake a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, anayesa kutumiza intaneti kudzera m'mipata yosagwiritsidwa ntchito ya mafunde a wailesi yakanema, n'kulumikiza sukulu ndi chipatala m'boma la Zomba. Ntchito zonse ziwirizi zinachokera pa mafunso omwewo amene wa IT wa kumudzi amakumana nawo m'mawa uliwonse.

Wina angafunse kuti, ngati manja akudziwa kale zonsezi, satifiketi ndi yachiyani? Yankho lili pawiri. Loyamba ndi lakuti luso lophunzira pogwira lili ndi mipata. Munthu akhoza kusamala netiweki ya makompyuta khumi kwa zaka zinayi osafunikira n'kamodzi komwe kugawa maadiresi m'timagulu, osakumana ndi OSPF imene marauta amauzirana njira, osadziwa chifukwa chimene kulumikiza ma switch awiri ndi mawaya awiri kungagwetsere netiweki yonse. Silabasi ya CCNA, imene kuyambira February 2020 ndi mayeso amodzi otchedwa 200-301 a mphindi 120, imamukakamiza kudutsa m'mitu imene ntchito yake sinamufikitsemo, kuphatikizapo IPv6, chitetezo ndi kuyendetsa zida pogwiritsa ntchito mapulogalamu. Imamupatsanso mawu oyenera. Akaimbira kampani yopereka intaneti, sangonena kuti netiweki yavuta. Amanena pamene mapaketi akuthera, ndipo injiniya wa mbali inayo amamumvera. Yankho lachiwiri ndi la chikhulupiriro. Wa IT wa ku Mphunzi ali ngati kondakitala wa minibasi amene waphunzira chiwongolero pa depoti, msewu akuudziwa maenje ake onse, koma mwini galimoto sangamupatse makiyi a ulendo wa ku Blantyre popanda laisensi. M'dziko limene anthu ambiri amadandaula kuti ntchito zimayendera kudziwana, pepala limene bwana angathe kulitsimikiza yekha pa intaneti ndi chida cha mwana amene alibe malume ku Capital Hill.

Chotsutsa chachikulu ndi mtengo, ndipo sichofunika kuchichepsa. Mayeso a CCNA ndi madola 300. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imeneyi imapitirira K500,000 pa mtengo wa kubanki, ndipo amene wayesapo kulipira chinthu m'madola akudziwa kuti kupeza madolawo ndi nkhondo ina payokha. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000 pa mwezi, kutanthauza kuti mayeso amodzi anali malipiro a miyezi yoposa isanu. Ukalephera, ulipiranso yonse. Ukakhoza, satifiketiyo imatha mphamvu pakapita zaka zitatu. Mayeso akhoza kulembedwa pa intaneti munthu ali kunyumba, koma amafuna chipinda chabata, kamera, magetsi ndi intaneti zosadukiza kwa maola awiri, choncho wa kumudzi amayenera kuwonjezerapo thiransipoti ndi malo ogona kutauni. Zonsezi ndi zoona, ndipo kwa ine zikungolimbitsa mfundo yoti ndondomeko ndi yofunika. Mwana amene wangomaliza Fomu 4 kapena dipuloma, wosagwirapo waya, akalipira ndalama imeneyi amakhala akuchita njuga. Koma kuphunzira kwenikweniko n'kotsika mtengo. Cisco Networking Academy, imene inayamba mu 1997, imapereka kwaulere pulogalamu ya Packet Tracer, imene munthu amamangiramo netiweki yoyerekeza pa laputopu yakale popanda intaneti. Munthu akhoza kutha chaka akuyeserera usiku, masana n'kumayesa zomwezo pa zida za kuntchito kwake mabwana akamulola, n'kudzalipira mayeso pokhapokha akaona kuti sakukayika. Amene amamaliza bwino maphunziro a academy imeneyi amapatsidwanso mwayi wochotseredwa mtengo wa mayeso.

Ena amati zida za Cisco n'zosowa kuno, ndiye kuphunzira Cisco n'kutaya nthawi. Pali choona pamenepa. Makampani aang'ono opereka intaneti ndi mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito MikroTik ya ku Latvia ndi Ubiquiti chifukwa ndi zotsika mtengo, ndipo zida za Huawei zili ponseponse m'makampani a mafoni ndi m'mapulojekiti a boma. Aliyense mwa makampaniwa amene ali ndi mayeso ake, monga MTCNA ya MikroTik ndi HCIA ya Huawei, amaphunzitsa malamulo a chida chake. Koma IP ndi imodzi, VLAN ndi imodzi, OSPF ndi imodzi. Amene wamvetsa chifukwa chake amasamukira pa chida china m'milungu yochepa. Wachinyamata amene akufuna kugwira ntchito ku kampani yaing'ono ya intaneti angachite bwino kuyamba ndi MikroTik, popeza rauta yake yaing'ono angathe kuigula n'kumaiphwasula kunyumba mopanda mantha. Palinso Network+ ya CompTIA, imene siimangirira munthu ku kampani imodzi. Dzina la CCNA limangolemera chifukwa ndi limene limalembedwa kawirikawiri m'zotsatsa ntchito za mabanki ndi makampani a mafoni.

Chimene chikuononga njira yonseyi ndi kuloweza. Pa intaneti pamagulitsidwa mafunso obedwa a mayesowa, ndipo amazungulira m'magulu a WhatsApp ndi Telegram. Munthu akhoza kuwaloweza n'kukhoza osadziwa kulumikiza ngakhale marauta awiri. Malamulo a Cisco amaletsa zimenezi ndipo wogwidwa amalandidwa satifiketi, koma chilango chachikulu chimagwera anzake osalakwa. Bwana amene walembapo munthu wa CCNA wolephera kupeza chifukwa chimene pulinta ya pa netiweki yasowera, amayamba kukayikira aliyense wobwera ndi pepala lomwelo. Mankhwala ake ndi osavuta ndipo ali m'manja mwa olemba ntchito: pa intavyu paikidwe switch, rauta, mawaya ndi laputopu, paonongedwe chinthu chimodzi mwadala, ndipo wofuna ntchito apatsidwe theka la ola. Mayeso otere amakomera munthu wa kumudzi amene takambayu, chifukwa kufufuza vuto ali yekha ndi ntchito imene wakhala akuigwira tsiku lililonse.

Palinso nkhani ya digiri. Zotsatsa ntchito zambiri, makamaka za boma ndi mabungwe akuluakulu, zimayamba ndi digiri ya makompyuta, CCNA n'kungotchulidwa kumapeto ngati chowonjezera mwayi. Sindikunyoza digiri za ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena UNIMA. Pamene pakufunika kukonza mapulani a netiweki ya dziko kapena kutsogolera dipatimenti, maphunziro akuya amathandiza. Koma malo a m'sukulu zimenezi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana amene amakhoza MSCE, ndipo ana a sekondale zoyendera za kumudzi ndi amene amatsalira kwambiri. Ntchito yoyamba ya netiweki, kaya ndi yoyang'anira makina usana ndi usiku mosinthana pa likulu la kampani, kaya yoyenda m'madera kukaika ndi kukonza zida, siifuna zaka zinayi za ku yunivesite. Imafuna munthu wodekha, wodziwa kulemba zimene wasintha, wosachita manyazi kufunsa, ndiponso wodziwa kuyankhula ndi namwino amene odwala akumudikira pamzere. Khalidwe lomalizali siliphunzitsidwa mu silabasi iliyonse. Munthu amalitenga pa ntchito yothandiza anthu, pamene waphunzira kuti "kompyuta yafa" ikhoza kutanthauza zinthu khumi zosiyana, ndipo amafunsa mwaulemu mpaka apeze chenicheni. Dipuloma ya ku NACIT kapena ya koleji ya zaluso, zaka ziwiri kapena zitatu za ntchito, ndi satifiketi yotsimikizika, zikuyenera kuwerengedwa kuti n'zokwanira pa ntchito zimenezi.

Chotsutsa chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi chakuti satifiketi imasamutsa anthu. Mnyamata akangokhoza, amakwera basi pa Linthipe kupita ku Lilongwe, ena mpaka ku Johannesburg, ndipo sukulu kapena chipatala chimene chinamulera chimabwerera pa chiyambi. Izi zimachitikadi, ndipo palibe amene ayenera kumudzudzula, pakuti ali ndi azibale oti awalipirire fizi. Enanso amati Starlink ndi mapulogalamu osungidwa kutali zathetsa kufunika kwa wa netiweki kumudzi, popeza mbaleyo imangofuna kulumikiza ku magetsi. Zoona zake n'zakuti intaneti yothamanga ikafika pamalo pamene panalibe, mavuto atsopano amafika nayo: pasiwedi imafalikira mudzi wonse, mafoni makumi asanu amadya mphamvu yonse ndi mavidiyo pamene kalaliki akufuna kutumiza lipoti la mwezi, ndipo makompyuta osunga zinsinsi za anthu amakhala poyera. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 likuika udindo pa bungwe lililonse losunga mbiri za anthu, kaya lili ku Area 47 kaya m'tsinde mwa phiri. Ndipo zimene zinachitika mu May 2024, pamene zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa n'kuchedwetsa intaneti m'Malawi, Tanzania ndi Mozambique, zinaonetsa kuti bungwe lokhala ndi njira imodzi yokha limaima pamodzi ndi njirayo.

Vuto la kusamuka lili ndi yankho la ndalama ndi dongosolo. Chipatala chimodzi chaching'ono sichingathe kulipira katswiri wa netiweki, koma sinodi kapena dayosizi yokhala ndi zipatala ndi sukulu zambiri ingathe kulemba mmodzi kapena awiri oyang'anira dera lonse, okhala ndi njinga yamoto ndi zida zoonera netiweki ya malo onse ali pamodzi. Khonsolo ya boma ingathe kuchita chimodzimodzi. Bungwe lingathe kulipirira wa IT wake mayeso pa mgwirizano woti agwirabe ntchito zaka ziwiri, monga mmene zipatala za mishoni zakhala zikuchitira ndi anamwino amene zawaphunzitsa. Thumba la Universal Service Fund la MACRA, limene limagwiritsidwa ntchito kufikitsa mauthenga kumadera osapindulitsa makampani, ndi TEVETA, imene imatolera msonkho wa maphunziro a zaluso kwa olemba ntchito, ndi malo oyenera kuchokera ndalama zothandizira mayeso otere kwa anthu amene ali kale pa ntchito m'maboma. Madola 300 ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa labu ya makompyuta imene yatsekedwa chifukwa switch inapsa ndi mphenzi ndipo palibe amene akudziwa kuika ina.

Kwa wachinyamata mwiniyo, chimene chimasowa kawirikawiri pa tsiku la intavyu ndi umboni wa zimene wachita. Pa CV amangolemba kuti ankathandiza ogwiritsa ntchito makompyuta, pamene zoona zake anayala mawaya a nyumba zitatu, anaika mawailesi olumikiza ofesi ndi chipatala, ndipo anapatula Wi-Fi ya alendo. Ayenera kujambula mapu a netiweki imene akusamala, kulemba maadiresi ndi zida zake, kusunga buku la mavuto amene anakumana nawo ndi mmene anawathetsera, mosaulula mapasiwedi kapena zinsinsi za bungwe, ndi kupempha kalata kwa ahedi kapena kwa mkulu wa chipatala yotchula ntchito zimenezi mwatchutchutchu. Mapu ndi bukulo zimathandizanso amene adzalowe m'malo mwake, amene nthawi zambiri amapeza mawaya opanda zizindikiro ndi rauta imene pasiwedi yake inapita ndi mwini wake ku Lilongwe.